Amai Busa Catherine Mompesson ndi Mpingo Umene Unapembedza Motalikirana

Tsiku la Sabata liri lonse timabvomereza ndi pakamwa pathu kuti tikhulupirira ciyanjano ca oyera mtima. Mau amenewa sabvuta kuwanena pamene takhala pa benci limodzi, tikuimba pamodzi ndi kulandira Mgonero pa gome limodzi. Koma m'caka ca 2020, matenda a COVID-19 atafika m'Zambia, zitseko za machalichi zinatsekedwa, ndipo ambiri tinadzifunsa mumtima ngati ciyanjano cija cinali cikalipo. Funso limeneli si latsopano. Akristu a m'mudzi wa Eyam ku England anakumana nalo m'zaka za 1665 ndi 1666, ndipo pakati pao panali mai busa wacitsikana dzina lace Catherine Mompesson. M'kope lino tiwerenge mbiri yao.

Kwao ndi banja lao

Amai Catherine anali mwana wa a Ralph Carr a ku Cocken, m'cigawo ca Durham kumpoto kwa England. Linali banja lodziwika ndi lopeza bwino. Anakwatiwa ndi a William Mompesson, m'busa wa Church of England, amene anabadwa mu 1639 naphunzira pa yunivesite ya Cambridge. Mulungu anawapatsa ana awiri, George ndi Elizabeth. Olemba mbiri amati Amai Catherine anali a thupi lofooka ndipo anali kubvutika ndi cifuwa cacikulu.

Mu 1664 Abusa Mompesson anatumidwa ku mpingo wa Eyam, m'cigawo ca Derbyshire. Anawatuma ndi Sir George Savile, munthu wolemera amene anali ndi ulamuliro wosankha m'busa wa mpingowo. Eyam ndi mudzi wa m'mapiri, pa mtunda wa makilomita oposa 200 kucokera ku London. Masiku amenewo munali anthu mazana ocepa cabe, osafika 1,000, ndipo anali alimi, oweta nkhosa ndi okumba mtovu m'migodi.

Banjali linafika pa mpingo wogawanika. Kuyambira mu 1644 m'busa wa Eyam anali a Thomas Stanley, mmodzi wa Akristu ochedwa Puritan, amene anali kufuna kuti Eklesia wa ku England akonzedwenso monga mwa ciphunzitso ca Reformed. Mu 1662 boma linaika lamulo lakuti m'busa ali yense abvomereze buku la mapemphero la Church of England ndi kupembedza motsata ilo. Abusa pafupifupi 2,000 anakana, nacotsedwa pa nchito, ndipo a Stanley anali mmodzi wa iwo. Komabe anthu ambiri a ku Eyam anali kuwakondabe. Mai busa ali yense amene anafikapo pa mpingo umene mitima ya anthu ikali kwa m'busa wakale adziwa mmene caka coyamba ca Amai Catherine cinaliri.

Mliri ulowa m'mudzi

Mu 1665 mumzinda wa London munagwa mliri wa makoswe, umene unapha anthu pafupifupi 100,000. Lero tidziwa kuti nthendayi imabwera ndi kacirombo kamene nthata zimatenga ku makoswe ndi kupatsira anthu poluma. Wodwala amatentha thupi, amamva mutu, ndipo amaturuka zotupa zonga mwanabere m'khwapa, m'khosi ndi m'mphecepece. Kacirombo kameneka kanadziwika mu 1894, pamene dokotala Alexandre Yersin anakapeza ku Hong Kong. Anthu a mu 1665 sanali kudziwa zimenezi. Ambiri anali kuganiza kuti nthendayi imayenda ndi mpweya woipa, ndipo mankhwala ace kunalibe.

Cakumapeto kwa August 1665, ku nyumba ya telala wa ku Eyam, Alexander Hadfield, kunafika mtolo wa nsaru wocokera ku London. Wothandiza wace, George Viccars, anamasula mtolowo, ndipo poona kuti nsaru zinali zacinyezi anaziyanika pafupi ndi moto. M'nsaruzo munali nthata. Patapita masiku ocepa Viccars anadwala, ndipo anaikidwa m'manda pa 7 September. Nthendayo inalowa m'nyumba zoyandikana, ndipo pofika kumapeto kwa December anthu 42 anali atamwalira.

Ku England miyezi ya December, January ndi February ndiyo nyengo yozizira kwambiri, ndipo nthata sizicuruka m'cisanu. Motero maliro anacepa, ndipo pofika mwezi wa May 1666 anthu anayamba kuganiza kuti tsoka lapita. Koma kutayamba kufunda mu June, mliri unabwerera ndi ukali woposa poyamba. Mabanja ena opeza bwino anali atacoka kale, ndipo otsala anayamba kumanga akatundu kuti athawire ku Sheffield ndi ku midzi yina yapafupi.

Mai asankha kutsala

Poyamba Amai Catherine anacita monga akadacitira mai wina ali yense. Anadandaulira amuna ao kuti banja lonse licoke, cifukwa ana anali ang'onoang'ono. Abusa anakana kusiya nkhosa zao pa nthawi yotere, koma anawapempha kuti iwo atenge ana ndi kupita. Apa Amai Catherine anayenera kusankha pakati pa ana ao ndi amuna ao pamodzi ndi mpingo. Anagwirizana kuti ana atumizidwe kwa abale ku Yorkshire, ndipo mai anatsala. Sanadzawaonenso ana aowo pansi pano.

Abusa Mompesson anaona kuti anthu akathawa adzanyamula imfa kupita nayo ku midzi yina. Anadziwanso kuti iwo anali mlendo wa zaka ziwiri cabe pamudzipo, ndipo mau ao okha sakadamveka. Cotero anapita kwa a Stanley, munthu amene lamulo linamcotsa pa guwa limene iwo anali kulalikirapo. Abusa awiriwa anali kusiyana pa za mapemphero ndi pa za ulamuliro wa Eklesia, koma anaika zimenezo pambali. Cakumapeto kwa June 1666 anaima pamodzi pamaso pa anthu, ndipo mudzi unabvomera zinthu zitatu.

Coyamba, panalibe woloredwa kuturuka m'mudzi kapena kulowamo kufikira mliri utatha. Caciwiri, miyambo ya maliro inaimitsidwa. Banja liri lonse linayenera kuika lokha akufa ace mwamsanga, m'munda kapena pafupi ndi nyumba. Cacitatu, chalichi ca St Lawrence cinatsekedwa, ndipo mapemphero anayenera kucitikira panja.

Mapemphero a m'cigwa

Pafupi ndi mudzi pali cigwa cochedwa Cucklett Delf. M'mbali mwace muli motsetsereka momera udzu, ndipo pamwamba pali thanthwe lalikuru lobooka ngati khomo. Thanthwelo linasanduka guwa. Abusa anali kuima pamenepo, ndipo anthu anali kuima m'musi, banja liri lonse pa lokha, kusiya mpata waukuru pakati pa ilo ndi linzace.

Taganizani amai anzanga mmene zinaliri. Mnzanu amene munali kukhala naye pa benci limodzi mukumuonera patali. Mwamva kuti dzulo waika mwana wace yekha kuseri kwa nyumba, koma simungapite kukamgwira dzanja, simungagone pa maliro ace, simungamphikire phala. Gome la Mgonero ndi malo a ubatizo zatsekeredwa m'chalichi. Sabata iri yonse malo amene banja lina linaima sabata yatha apezeka opanda munthu. Ngakhale zinali tero, otsala anali kubwerabe kudzamva Mau a Mulungu ndi kupemphera. Amai Catherine anali mmodzi wa oima m'cigwamo, kumvetsera amuna ao akulalikira pathanthwe.

Mudzi wotsekedwa ukadafa ndi njala pakadapanda anansi. Abusa analembera mfumu ya deralo, Earl wa Devonshire, amene anali kukhala ku Chatsworth, ndipo iye analonjeza kutumiza cakudya ndi mankhwala. Anthu a midzi yoyandikana nao anali kubweretsa zofunika ndi kuzisiya pa malire. Pa njira ya ku mudzi wa Stoney Middleton pali mwala umene anauboola timaenje 6. A ku Eyam anali kuthiramo vinega ndi kuikamo ndalama zolipirira katundu, pokhulupirira kuti vinegayo apha nthenda. Kumpoto kwa mudzi kuli kasupe kumene anali kusiyako ndalama m'madzi, ndipo kufikira lero amachedwa citsime ca Mompesson. Wobweretsa ndi wolandira sanali kugwirana dzanja, koma wina anali kudya cifukwa mnzace wamkumbukira.

Mwezi wa August

Mu July munamwalira anthu oposa 50, ndipo mu August oposa 70. Pa munda wa Riley, kunja pang'ono kwa mudzi, panali mai wina dzina lace Elizabeth Hancock. Kuyambira pa 3 kufikira pa 10 August anaika m'manda amuna ace ndi ana ace 6. Mbiri ya pamudzi imati anali kukumba yekha ndi kukoka yekha mitembo, anthu a ku Stoney Middleton akuonera pa phiri osatha kumyandikira. Manda amenewo alipobe.

M'masiku onsewa Abusa Mompesson anali kuyendera odwala nyumba ndi nyumba, ndipo mudzi umakumbukira kuti akazi ao anali kugwira nao nchitoyo ngakhale thupi lao linali lofooka. Abusa analemba pambuyo pace kuti Amai Catherine sanali kuumira kanthu kali konse ka m'nyumba mwao pamene mnansi wosauka anali kukasowa, ndi kuti nkhawa yao yaikuru inali pa moyo wa amuna ao koposa wa iwo eni.

Mbiri ya pamudzi imatinso madzulo ena awiriwa akuyenda m'minda, Amai Catherine anati mpweya unali kununkhira bwino, ndipo mtima wa abusa unagwa, cifukwa anthu anali kukhulupirira kuti fungo lokoma lotere ndi cizindikiro coyamba ca nthendayo. Posacedwa mai anagona pa mphasa.

Za masiku ao otsiriza tidziwa cifukwa ca kalata imene abusa analembera ana ao pa 31 August 1666. M'kalatamo afotokoza kuti mai ao anali kuwapempha kawirikawiri kuti asawayandikire, poopa kuti angatenge nthendayo, koma iwo sanawasiye. Anaitanitsa mtsikana wao wanchito nampempha cikhululukiro cifukwa ca mau aukali amene anamlankhulapo. Thupi litatentha kwambiri anayamba kubwebweta. Abusa pobvutika mtima anawafunsa mafunso a cikhulupiriro, monga lakuti ayembekeza kupulumutsidwa ndi yani, ndi pa cifukwa canji. Pa zina zonse nzeru zao zinali zitasokonezeka, koma pa mafunso awa anayankha molongosoka. Usiku wotsiriza anaitana amuna ao kuti apemphere nao, ndipo anali kuyankha mapempherowo monga anali kucitira ali bwino, kufikira mau anatha.

Anamwalira ali ndi zaka 27, naikidwa pa 25 August 1666 m'bwalo la chalichi ca St Lawrence. Ana ao anamva za imfa ya mai ao m'kalata.

Mliri utatha

Pa 1 September abusa analembera Sir George Savile monga munthu woyembekeza kufa, nampempha kuti adzasankhire mpingo wa Eyam m'busa wodzicepetsa ndi woopa Mulungu, ndi kuti akumbukire ana ao amasiye. Koma Mulungu anawasunga. Munthu wotsiriza kufa ndi mliriwo, Abraham Morten, anaikidwa pa 1 November 1666. M'miyezi 14 munamwalira anthu pafupifupi 260 a m'mabanja 76. M'kalata ya pa 20 November abusa anafanizira mudzi wao ndi Gologota. Analamula kuti zobvala ndi zofunda zitenthedwe, ndipo anayamba ndi zao.

Akatswiri ena a masiku ano amati kutsekeredwa pamodzi kunacurukitsa imfa mkati mwa Eyam. Zimenezi zitionetsa kukula kwa mtengo umene anthuwa analipira. Koma Sheffield, Bakewell ndi midzi yoyandikana sinaone cipululutso conga ca ku Eyam.

Abusa Stanley anamwalira mu 1670. Abusa Mompesson anacoka ku Eyam mu 1669 kupita ku mpingo wa Eakring m'cigawo ca Nottinghamshire. Mbiri ya kumeneko imati poyamba anthu anawaopa ngati onyamula mliri, kotero kuti anayambanso kulalikira panja, patsinde pa mtengo. Anakwatiranso mu 1670, ndipo anamwalira mu 1709. Mwana wao George, amene mai ace anamtumiza kutali kuti apulumuke, anakula nakhala m'busa nayenso.

Kufikira lero, pa Sabata lotsiriza la August, Akristu a ku Eyam amayenda kupita ku Cucklett Delf kukapembedza panja, ndipo pa manda a Amai Catherine pamaikidwa maluwa. Mwa mwambo, amene amawaika ndi mkazi wa m'busa wa mpingowo.

Tiphunzirapo ciani?

Katekisma wa Heidelberg, pa funso 55, afotokoza ciyanjano ca oyera mtima m'mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi yakuti okhulupirira onse, ndi ali yense pa yekha, ali ziwalo za Kristu ndipo alandirako cuma cace ndi mphatso zace zonse. Mbali yaciwiri ndi yakuti ali yense ali ndi udindo wogwiritsa nchito mphatso zace mokondwa kuti ziwalo zinzace zipindule. Mukayang'ana bwino, mbali zonse ziwiri zinakhalabe ku Eyam pamene chalichi cinali cokhoma.

Amai Catherine anafa patali ndi ana ao, patali ndi abale ao a ku Durham, popanda azimai a mpingo owazinga ndi nyimbo. Koma nthenda imene inasokoneza nzeru zao siinathe kuwasokoneza pa za Mpulumutsi wao. Zimene anaphunzira ali bwino ndizo zinawagwira pa tsiku loipa. Tiwerenge Aroma 8:38-39, ndipo tidzifunse ngati ana athu ndi adzukulu athu tikuwaphunzitsa Mau ndi katekisma lero, zitseko zikali zotsegula. Tsiku limene m'busa sangafike, nyumba iri yonse imadya zimene inasunga m'nkhokwe yace.

Mbali yaciwiri tiiona pa mwala wa pa malire, pa abusa awiri osiyana maganizo amene anaima pamodzi, ndi pa mudzi wonse umene unakhala pansi kuti anthu osawadziwa akhale ndi moyo. Kwa ife Acewa ndi Ansenga, Angoni ndi ena onse, cikondi timacidziwa ndi mapazi: kufika pa maliro, kugona pa siwa, kukhala pambali pa wodwala. N'cifukwa cace malamulo a mu 2020, ndi aja a nthawi ya kolera ku Lusaka kuciyambi kwa 2018, anatipweteka kwambiri. Koma Amai Catherine pouza amuna ao kuti asawayandikire anali kuwakonda. Iripo nthawi imene kuima patali ndiko kusunga mbale wako, ndipo wocita zimenezo sanacepe cikhulupiriro.

Tisatengepo phunziro lolakwa. Anthu a ku Eyam sanaleke kusonkhana cifukwa ca ulesi. Anapita m'cigwa ali ndi cisoni ndi mantha, cifukwa anali ndi njala ya Mau ndi ya nkhope za anzao, ngakhale zoonera patali. Ahebri 10:24-25 akali kulankhula kwa ife. Ngati alipo mai amene anazolowera kukhala kunyumba ndi wailesi kapena foni kuyambira nthawi ya COVID-19, timcezere mwacikondi ndi kumkumbutsa kuti malo ace pa gome la Ambuye akumdikira.

Tisaganizenso kuti nthenda ya ku Eyam ndi ya kale kapena ya kutali kokha. Mliri wa makoswe unabukapo kuno kum'mawa, m'dera la Nyanje mu 2001 ndi ku Nyimba mu 2015. Kusiyana kwace n'kwakuti lero mankhwala alipo, ndipo wodwala akafika msanga ku cipatala amacira. Mukaona makoswe akufa okha m'mudzi, kapena munthu watentha thupi ndi kuturuka zotupa zija, musacedwe, uzani a zaumoyo. Pemphero ndi cipatala siziri pa nkhondo.

Potsiriza, pa mpingo uli wonse alipo amene amapembedza motalikirana caka conse popanda mliri. Ndiwo agogo amene miyendo inakana, odwala a nthawi yaitali, mai amene asamala mwana wolumala ndipo sangamsiye yekha, ndi abale amene ali m'ndende. Kwa iwo chalichi n'cokhoma Sabata iri yonse. Monga 1 Akorinto 12:26 atiphunzitsa, kuwawa kwao n'kwathu. Pa msonkhano wotsatira wa Cigwirizano tilembe maina ao, tigawane owayendera, tiwatengere ufa, sopo ndi uthenga wa pa Sabata, ndipo tikumbutse abusa ndi akulu a mpingo za iwo amene papita nthawi asanalandire Mgonero. Pamene nthenda itiletsa kulowa m'nyumba, tingathe kuima pabwalo, kuimba nyimbo ndi kusiya mtanga pakhomo.

Ambuye amene anasunga cikhulupiriro ca mdzakazi wace Catherine kufikira cimariziro atisunge ifenso mwa Iye, pamene tiri pamodzi ndi pamene tatalikirana.